Boa yanu ikamakulumani mukaigwira: zoyenera kufufuza kuno ku Dedza

Mu June chaka chatha boa yanga inandiluma katatu pa masabata atatu. Ndi kanjoka kafupi, konenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi, ka mtundu umene amautcha Kenyan sand boa, ndipo pa miyezi 8 chikabweretsereni pakhomo kanali kasanandiyasamulirepo n'kamodzi komwe. Ulendo wachitatuwo ndinakhala pansi n'kumayang'ana timadontho ta magazi pachala, mtima uli m'mwamba, poganiza kuti njoka yasintha khalidwe ndipo sindidzaigwiranso. Mayi anga ataona anangoti, "Mwanawe, njoka ndi njoka. Kaibweze kumene unakaitenga."

Sindinawayankhe. Ndinatenga kope n'kulemba tsiku lililonse limene inandiluma, nthawi yake, chimene ndinagwira ndisanatsegule bokosi, ndi mmene kunja kunachera. Nditaziyala pamodzi ndinapeza kuti maulendo atatuwo anali ndi zifukwa zitatu zosiyana, ndipo zonse zinachokera m'manja mwanga ndi m'nyengo ya kuno. Boa yaing'ono siluma chifukwa cha nkhanza. Imaluma ikayesa dzanja lanu chakudya, kapena ikachita mantha, ndipo ziwirizi zimatheka kuzikonza.

Tigwirizane kaye kuti tikunena njoka iti

Boa ilibe ululu. Imapha mbewa poikulunga ndi kuifinya, ndipo imabereka ana amoyo, kusiyana ndi nsato yathu imene imaikira mazira. Zing'onozing'ono zimene woyamba kumene angazikwanitse ndi ziwiri. Kenyan sand boa kwawo ndi madera ouma a Egypt, Sudan, Ethiopia, Somalia, Kenya mpaka kumpoto kwa Tanzania; yaimuna imalekera cha m'ma sentimita 45, yaikazi imafika 60 mpaka 80. Rosy boa kwawo ndi California, Arizona ndi kumpoto chakumadzulo kwa Mexico, ndipo kawirikawiri siipitirira mita imodzi. Wina akakuonetsani mwana wa boa constrictor n'kumati ndi boa yaing'ono, dziwani kuti ameneyo akadali mwana chabe, akakula amatha kupitirira mamita awiri.

M'tchire la Malawi mulibe boa. Mawu amenewa muwasunge. Munthu akabwera ndi thumba n'kunena kuti wagwira boa m'munda ku Bembeke kapena ku Tsangano, m'thumbamo muli china. Njoka yaifupi, yonenepa, yamawanga, yogona phee osathawa, kuno imeneyo ndi mphiri, ndipo mphiri imadulitsa mkono kapena kupha kumene. Ikapanda kukhala mphiri mwina ndi mwana wa nsato, amene lamulo limamuteteza. Zonse ndalemba pansipa sizikukhudza njoka yotola kutchire.

Mitundu yonse ya boa ili pa mndandanda wa pangano la CITES, la maiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, limene Malawi analowamo mu 1982, choncho yolowa m'dziko muno imafunika mapepala. Funsani ku Dipatimenti ya National Parks and Wildlife musanapereke ndalama kwa aliyense. Ndipo njoka zimenezi zimakhala zaka 15 mpaka 20, zina kuposa apo. Walira mvula walira matope.

Yang'anani kalumidwe kake

Musanasinthe chilichonse, kumbukirani mmene inakulumirani. Ikaluma n'kukakamira, thupi n'kuyamba kukulunga chala, imeneyo yakuyesani mbewa. Ikamenya mwachangu n'kusiya pomwepo, kapena kudzigwedeza thupi lonse, kupemerera, kapena kutulutsa timadzi tonunkha cha kumchira, imeneyo ndi yamantha. Sand boa yamantha siimenya kutsogolo ngati mmene mumaonera njoka zina. Imakhapa cham'mbali ndi mutu, mwina osatsegula n'kamwa komwe. Kalumidwe koyamba mankhwala ake ndi sopo ndi chopanira. Kachiwiri kamafuna kufufuza mofatsa.

Fungo la mbewa m'manja

Ulendo woyamba unali Loweruka. Ana a achimwene anga anabwera ndi mbewa zokumba m'munda atatha kukolola, ndipo ndinawathandiza kuzitumbula kuseri kwa khitchini. Ndinasamba m'manja ndi madzi okha, kenako ndinalowa m'nyumba kukasintha madzi a njoka. Dzanja lisanafike pa kambale, mchenga unangophulika, chala chili m'kamwa.

Njoka imanunkhiza ndi lilime. Ikamalitulutsatulutsa, imakhala ikutola fungo n'kukalipaka pa timabowo tiwiri tili m'mwamba mwa kamwa. Maso a sand boa saona patali, ndipo kadyedwe kake n'kobisala pansi pa mchenga, maso ndi mphuno zokha zili kunja, kudikirira chodutsa. Chinthu chofunda chonunkha mbewa chikadutsa pamwamba pake, siifunsa kawiri. Kwa ife a ku Dedza ndi Ntcheu, kumene kuyambira June mpaka September mbewa zimakhala paliponse, m'mphika ndi pa timitengo m'mbali mwa msewu wa M1, vutoli limabwera mobwerezabwereza. Fungo la anapiye, la nkhuku yosadzula, la mphaka ngakhale la nyama yaiwisi limachitanso chimodzimodzi.

Sambani ndi sopo mpaka m'zikhadabo musanatsegule bokosi, nthawi zonse. Chakudya perekani ndi chopanira chachitali, osati ndi zala. Ndipo iphunzitseni kusiyanitsa tsiku lodya ndi tsiku logwiridwa: ine ndili ndi kamthiko katsopano kamene sikanalowepo mumphika, ndipo ndisanaigwire ndimayamba ndaisisita nako pamsana kawiri kapena katatu. Tsiku lodya kamthikoko sikaoneka. Patapita mwezi umodzi njoka inazindikira kuti kamthiko kakaikhudza palibe chakudya, ndipo mumachita kuona thupi likumasuka.

Mbewa zakutchire musaipatse. Zimanyamula nyongolotsi ndi nthata, ndipo ina imakhala itadya mankhwala a makoswe ngati tameki. Zapamsewu zija n'zophika ndi mchere, sizoyenera njoka. Ine ndimaweta mbewa zoyera zochepa, ndipo ndimapereka yakufa kale, chifukwa mbewa yamoyo imatha kuluma njoka m'maso kapena kuidya msana. Kukula kwa mbewa kusapitirire pamene njoka yanenepa kwambiri. Yaing'ono idye pakatha masiku 5 mpaka 7, yaikulu pakatha masiku 10 mpaka 14. Njoka yanjala imathamangira chilichonse choyenda, ndiye ngati mukuipatsa tinthu tochepa kwambiri, kulumako mwina ndi njala chabe.

Maso akachita mbuu

Ulendo wachiwiri ndikanaupewa ndikanayang'ana. Njoka inali pafupi kufundula. Njoka ilibe zikope. Diso lake limaphimbidwa ndi kakhungu koonekera, ndipo kakhunguko kamachoka pamodzi ndi khungu lonse. Nthawi ikayandikira, mawanga ake owala aja amazimirira ngati chitenje chosuluka, mimba imafiirira pang'ono, maso amachita mbuu ngati mwathiramo mkaka. Pamenepo imakhala ikuona movutikira ndipo khungu limamva kukhudza kulikonse. Patapita masiku angapo maso amayeranso, munthu n'kuyesa kuti zatha, koma khungu limachoka patapitanso masiku ena atatu kapena asanu. Zonse pamodzi zimatenga sabata imodzi kapena awiri.

Pa nthawi yonseyi isiyeni. Ikakana chakudya musadandaule. Ikani kachitini ka pulasitiki koboola m'mbali, muli nsalu yonyowa pang'ono, cha kumbali yofunda, kuti ikafuna ilowemo. Ikafundula onani khungu lakalelo ngati lachoka ndi timaso take tonse tiwiri komanso kunsonga kwa mchira. Lotsalira musalisende louma. Ikani njokayo m'chitini muli thaulo lonyowa ndi madzi ofunda kwa mphindi 20, idzikhula yokha.

Chisanu cha kuno

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu okhala m'nyumba zotenthetsedwa usiku ndi usana. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo usiku wa mu June ndi July kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Tonse timadziwa m'mawa umene nkhungu imaphimba phiri, madzi a m'ndowa osagwirika. Sand boa ndi njoka ya kumalo otentha. Thupi lake silipanga kutentha lokha, limadalira pamene yagona. M'bokosi mwake mbali imodzi pamafunika madigiri 32 mpaka 35 pansi pamene imagona, mbali inayo 24 mpaka 27, kuti izisankha yokha. Usiku kukatsika pang'ono palibe kanthu, koma kusamatsike pansi pa 21 kapena cha pamenepo.

Ulendo wachitatu magetsi anali atazima usiku wonse. M'mawa cha m'ma 6 koloko ndinada nkhawa, n'kupisa dzanja mumchenga kuifunafuna. Ndinalakwitsa pawiri: ndinaidzidzimutsa kuchokera pamwamba, komanso inali itazizidwa. Njoka yozizidwa imalemera thupi, siitha kuthawa, ndiye chimene chimatsala n'kudziteteza. Themomita nditaiyang'ana pambuyo pake inkaonetsa 14.

Musayeze kutentha ndi dzanja, dzanja limanama. Gulani themomita ya kachingwe, nsonga yake igone pansi penipeni pa mbali yofunda. Kotenthetsera kabwino ndi kamphasa kamagetsi kamene amati heat mat, koikidwa kunsi kwa bokosi, kotenga gawo limodzi mwa magawo atatu a pansi. Kamphasako kalumikizidwe ku thermostat, kachipangizo kozimitsa magetsi kutentha kukafika pa mlingo umene mwaika. Popanda thermostat kamatentha mopitirira, ndipo njoka yokumba pansi ngati iyi imakagona pomwepo mpaka kupsa mimba osasuntha. Bokosi lisakhale pa simenti. Liikeni pa thabwa kapena patebulo, kutali ndi zenera ndi chitseko.

Magetsi akazima, thirani madzi otentha m'botolo, tsekani zolimba, kulungani ndi thaulo, n'kuligoneka kunja kwa bokosi motsamira mbali yofunda. Fundikani bulangete pamwamba koma musatseke timabowo ta mpweya. Botolo limodzi limandisungira maola anayi kapena asanu, ndiye usiku wa mu July ndimadzuka kamodzi kukasintha. Mbaula musailowetse m'chipinda cha njoka. Mpweya wa makala, umene umapha anthu atadzitsekera m'nyumba nyengo yozizira, ndi womwewo ungaphe kanyama ka mapapo aang'ono chotere. Ndipo ngati mukuona kuti sabata imeneyo simutha kusunga kutentha, dumphitsani chakudya. Boa yathanzi imakhala masabata angapo osadya popanda vuto, koma mbewa ikalowa m'mimba yozizira imaola isanagayike.

October ali ndi vuto lake. M'nyumba ya malata yopanda siling'i masana kumatentha koopsa, ndipo bokosi loombedwa ndi dzuwa la pazenera limapha njoka msanga kuposa chisanu. Nyengo ya mvula samalani chinyontho: pansi pakanyowa, sinthani.

Za pansipo ndinenepo chimodzi. Kuno utuchi wa paini umapezeka chaulere kwa ocheka matabwa, ndipo umakopa chifukwa ndi wofewa. Musaugwiritse ntchito. Utomoni wake umapweteka mapapo ndi khungu la njoka, ndipo njoka yosautsidwa usana ndi usiku imakhala yolusa. Ine ndimasakaniza mchenga wa kumtsinje wotsuka bwino ndi dothi lopanda feteleza, n'kuzikazinga pa chiwaya kuti tizilombo tife, zikazizira n'kuthira kuya kwa masentimita 8 kapena 10. Manyuzipepala ong'ambang'amba amagwiranso ntchito. Chakudya ndimaika pa kambale kuti isameze mchenga. Phale la mphika wadothi, lovundikira, ndi pobisala pabwino, ndipo limasunga kutentha. Ikani limodzi mbali yofunda, lina mbali yozizira. Njoka yopanda pobisala imakhala ndi mantha nthawi zonse.

Kagwiridwe kake

Kutchire adani a kanjoka kotere, monga akabawi, amachokera kumwamba. Dzanja lotsika kuchokera pamwamba, zala zitatambasuka, kwa iyo ndi chimodzimodzi. Yambani mwaipeza ndi kamthiko, muisisite, kenako lowetsani chikhatho mumchenga cham'mbali, chipite kunsi kwa mimba cha pakati pa thupi, n'kuitukula ngati mukutapa ufa. Musagwire kumutu kapena kukhosi, musakoke mchira, musafinye. Dzanja likamanjenjemera n'kumabwerera m'mbuyo, bwerezabwereza, mukuiopseza kwambiri; mukaganiza zoitenga, itengeni kamodzi mofatsa.

Sand boa siikwera mitengo ndipo siidziwa kugwirira. Rosy boa imakulungako dzanja pang'ono, koma iyi imangoyenda mpaka kugwa. Choncho khalani pansi pamphasa, manja onse awiri ali kunsi kwake, izidutsa kuchoka dzanja ili kupita linalo. Mudzamva ikukankha mphuno pakati pa zala zanu mwamphamvu ndithu. Sikufuna kuluma, ikufuna kukumba. Ilibe makutu akunja koma imamva kugwedezeka kwa pansi, ndiye wailesi yokweza patebulo lomwelo kapena ana othamanga pafupi zimaisokoneza.

Yambani ndi mphindi 5, kawiri kapena katatu pa sabata, madzulo pamene yafunda ndipo yayamba kuyendayenda. M'mawa kukuzizira ayi. Muibweze ili phee, osati pamene ikupalapata, kuti isazolowere kuti kupalapata ndiye njira yobwerera kwawo. Ana a njoka amakhala amantha kuposa akuluakulu ndipo ambiri amasiya okha akamakula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati mwangoibweretsa kumene, musaigwire sabata yoyamba yonse, ngakhale awiri. Dikirani idye kawiri motsatana. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kuionetsa kwa aliyense wobwera pakhomo, koma njoka zambiri zotchedwa zolusa zinayambira pamenepa.

Ikasanza

Ikadya, musaigwire kwa masiku awiri athunthu, nyengo yozizira atatu. Mukaigwira msanga, kapena bokosi likazizira, kapena mbewa ikakula kwambiri, imabweza chakudya, ndipo fungo lake simungalisokoneze ndi china. Kusanza kumaipweteka kukhosi ndi m'mimba. Chotsani zonse, onani themomita, ipatseni madzi oyera, ndipo dikirani masiku 10 mpaka 14 musanaipatsenso, ulendo uno kambewa kochepa. Ikasanza kawiri motsatana kutentha kuli bwino, imeneyo ndi nkhani ya dokotala wa ziweto.

Yaimuna yokhwima imatha kukana chakudya kwa masabata ambiri nyengo yofuna yaikazi, n'kumangozungulira bokosi. Ngati siikuonda, ilekeni.

Ikakulumani

Musakoke dzanja. Mano ake ndi ting'onoting'ono, topindikira m'kati ngati mbedza, ndipo mukakoka mumang'amba khungu lanu n'kuthyola mano ake. Ikakakamira, itsirireni madzi ozizira pang'ono pamutu, isiya yokha. Tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri, pakani mankhwala a pabala. Osatema mphini, osamanga chingwe, osayamwa. Pakatupa, pakafiira kapena kutuluka mafinya patapita masiku, pitani kuchipatala ndipo mukanene kuti ndi njoka yoweta yopanda ululu.

Choopsa chenicheni pa boa si mano, ndi tizilombo ta Salmonella timene njoka zambiri zimakhala nato m'matumbo popanda kudwala. Sambani m'manja ndi sopo mukatha kuigwira, musatsukire kambale kake pamene mumatsukira mbale zodyera, ndipo ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika asaigwire.

Anthu apakhomo ndi oyandikana nawo

Kwathu kuno munthu wosunga njoka m'nyumba amaganiziridwa zambiri, ndipo mantha a anthu ali ndi maziko, chifukwa m'midzi mwathu muli anthu amene analumidwapo ndi mphiri. Nkhaniyi imakhudzanso khalidwe la njoka yanu. Alendo akaunjikana, wina kukuwa, wina kugogoda bokosi ndi ndodo, njoka imatha masiku ili yodzidzimuka. Ine ndinauza eni nyumba ndi a mfumu ndisanaibweretse, ndinawaonetsa mapepala, ndipo chivundikiro cha bokosi chili ndi loko. Boa ndi katswiri pokankha chivundikiro, ndipo ikatuluka n'kukapezeka kwa aneba, mapeto ake ndi khasu. Musaseweretse njoka poopseza munthu, ngakhale mwana wa m'nyumba mwanu. Mayi anga mpaka lero saigwira, ndipo sindiwakakamiza, koma magetsi akazima ine ndili kutali amaika botolo lija n'kundiimbira kuti, "Ndaika, themomita yako ikuti 25."

Pamene kuluma kuli chizindikiro cha matenda

Ngati manja ndi oyera, kutentha kuli bwino, siikufundula, pobisala palipo, koma njoka imene inali yofatsa yayamba kuluma, iyang'anitsitseni thupi. Kupuma mokhala ngati kaluzu, kukhala kukamwa kuli yasa, thovu kapena mamina m'mphuno, zimenezo ndi matenda a m'chifuwa, ndipo kuno amabwera kwambiri chisanu chikatha. Timadontho takuda toyenda m'mbali mwa maso ndi pansi pa chibwano, kapena njoka kumangokhala m'kambale ka madzi, ndi nthata. Matuza kapena mabala ofiirira kumimba amachokera ku kupsa kapena pansi ponyowa. Musaipopere mankhwala ophera udzudzu kapena a nkhupakupa za ng'ombe, amapha njoka.

Zikatere imbani kaye foni kwa madokotala a ziweto ku Lilongwe, mufunse ngati amaona njoka, musanakwere galimoto ulendo wa makilomita 85. Ponyamula, ikani njokayo m'kathumba ka pilo, mangani kukamwa, n'kukaika m'kabokosi kolimba koboola timabowo, botolo la madzi ofunda lokulunga thaulo lili pambali. Mu minibasi kabokosiko kakhale pamiyendo panu, osati pansi pafupi ndi injini kapena pazenera loomba dzuwa. Tengani kope lanu lija, chifukwa dokotala adzafunsa tsiku limene inadya komaliza, tsiku limene inafundula, ndi manambala a pa themomita.